Milandu yachuluka ku Victim Support, ndiye kuti pulojekiti yalephera?

Mayi ena a ku Santhe anditumizira imelo. Akuti bungwe lina lakhala likuchititsa misonkhano yothetsa nkhanza za m'banja kwawoko kwa zaka ziwiri, koma milandu yopita ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitidwa nkhanza, ikungochulukirachulukira, ndiye akufunsa kuti kodi ndalama zimenezi sizinangolowa m'madzi?

Amayi, musafulumire kutero. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo (DHS) wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakhalapo pabanja anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, ndipo pafupifupi theka la amayi omenyedwa kapena kugwiriridwa sanauzeko munthu olo mmodzi. Ndiye milandu ikachuluka kupolisi zitha kukhala kuti aja amangofera mumtima ayamba kuyankhula, mwina angomva kumene kuti kuli lamulo la 2006 lowateteza.

Chimandiwawa ine ndi malipoti ongowerenga ma T-shirt ndi anthu amene anabwera pa 16 Days, masiku 16 olimbana ndi nkhanza omwe amayamba mu Novembala. Zimenezo sizitiuza ngati mayi uja wasiya kumenyedwa kunyumba kwake.

Abungwewo muwafunse kuti asanayambe anacheza ndi amayi? Ndipo anacheza nawo bwanji, chifukwa pabwalo pamaso pa amfumu ndi apongozi aliyense amati kwathu kulibe vuto, zoona zimatuluka mayi akakhala yekha ndi mzimayi mnzake wophunzitsidwa kusunga chinsinsi, bambo kulibe. Muwafunsenso ngati anayerekeza ndi midzi yomwe pulojekiti sinafike. Ku Kampala, ku Uganda, apulojekiti yolimbana ndi nkhanza ya SASA! anachita choncho, ndipo zotsatira za mu 2014 zinaonetsa kuti kumadera komwe anagwirako ntchito kumenya amayi kunachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi kwinako.

Nyengonso ndi nkhani kuno ku Kasungu. Febuluwale wa njala ndi wosiyana ndi Juni, pomwe fodya wagulidwa, mayi anasoka nawo ndi kusankha masamba mpaka manja kuda koma ndalama sanaione, akangofunsa basi ndewu. Ngati abungwewo anafunsa koyamba mu Juni abwererenso mu Juni.

Inuyo ndi anzanu mutha kutsatira milandu yomwe inathetsedwa isanafike kukhoti. Anaithetsa chifukwa bambo asinthadi, kapena ankhoswe anangoti banja ndi kupirira, kapena mayi anaopa kuti bambo akamangidwa ana adya chani? Pakatha miyezi ingapo kamuoneni mayiyo mwakachetechete, osamuika pachiswe, ndipo mukapeza zikupitirira muuzeni kuti atha kuimba 5600, nambala yothandiza ochitidwa nkhanza, ndi yaulere.