Cholembera cha kandodo chimadzaza inki pokankha, osati pokoka

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mwanena kuti mwapeza cholembera cha inki ya m'botolo chokhala ndi kandodo kotulukira kumbuyo, ndipo mukaviika nibu mu inki n'kukoka kandodoko monga mmene amachitira ndi jakisoni, simulowa ngakhale dontho, choncho mukufuna kudziwa ngati chinawonongeka. Malinga ndi mmene mwachifotokozera, n'kutheka ndithu kuti cholemberacho chili bwinobwino, kungoti mtundu umenewu, umene amautcha plunger filler kapena vacuum filler, umagwira ntchito mosemphana ndi zimene dzanja linazolowera. Inki imalowa pamene mwakankha kandodo mpaka kumapeto, ndipo kukoka kuja n'kukonzekera chabe.

Tiyambe ndi zimene zili m'kati, chifukwa mukazidziwa zina zonse zimamveka mosavuta. Thunthu la cholemberacho ndilo mosungira inki, mulibe kathumba ka mphira kapena katiriji (kachubu kapulasitiki kogulidwa kali ndi inki kale) monga m'zolembera zina. Pakati pa thunthulo pamadutsa kandodo kowonda, kamene m'zolembera za masiku ano kamakhala kachitsulo kosachita dzimbiri. Kumbuyo kwake kuli kamutu ka mazinga kamene mumamasula ndi zala, ndipo kutsogolo kwake kuli kamphira kozungulira, kofewa m'mphepete, kokwana ndendende m'mimba mwa thunthulo. Pamalo pamene kandodo kamatulukira pali chotsekera chothina, chimene chimalola kandodo kutsetsereka koma osalola mpweya kulowa kapena inki kutuluka. Chinthu chomaliza sichioneka msanga, komatu ndicho mwini nkhani yonse: m'mimba mwa thunthu ndi mofanana kukula kuchokera kumbuyo, koma pafupi ndi pogwirira, cha kunibu, mumatambasuka pang'ono. Ngati cholembera chanu n'choonekera m'kati, chiyang'anitseni powala ndipo mudzaona pamene khoma likuyambira kukula.

Mukamakoka kandodo, mphepete za kamphira zimapindikira kutsogolo, motero mpweya umene unali kumbuyo kwake umazembera m'mbali n'kupita kutsogolo. N'chifukwa chake simunaone inki ikukwera, pakuti kamphirako sikagwira khoma pokoka. Pokankha zinthu zimatembenuka. Mpweya wa kutsogolo umakanikiza mphepete zija kukhoma, kamphira n'kutseka ndithu, ndipo pamene kakutsika kamatulutsa mpweyawo kudzera kunibu. Amenewo ndiwo mathovu amene mumaona akubwata m'botolo. Kumbuyo kwa kamphira malo amanka nakula, koma palibe mpweya watsopano umene ungalowemo chifukwa chotsekera cha kumbuyo chagwira. Kachikopa ka m'pampu ya njinga kamachitanso chimodzimodzi, kulola mpweya kudutsa pokoka n'kutseka pokankha, kungoti pa njinga timafuna mpweya wopanikizika wa kutsogolo, pamene m'cholembera timafuna malo opanda mpweya amene akutsala kumbuyo.

Ubale wa kukula kwa malo ndi mphamvu ya mpweya anaufotokoza Robert Boyle mu 1662: mpweya womwewo ukapatsidwa malo aakulu kawiri, mphamvu yake yokanikiza imatsika n'kukhala theka, bola kutentha kusasinthe. Kampweya kochepa kamene kanatsalira kumbuyo kwa kamphira kamatambasulidwa m'thunthu lonse, motero kamakhala kopanda mphamvu poyerekeza ndi mpweya wa kunja. Inunso mudzamva m'chala kuti kandodo kakulimba pamene kakuyandikira kumapeto, ndipo mukakasiya pakati kamafuna kubwerera kokha. Kulimba kumeneko si vuto ayi, ndi umboni wakuti zotsekera zonse ziwiri zikugwira ntchito.

Tsono kamphira kakafika pamalo otambasuka paja, mphepete zake zimasiya kukhudza khoma, ndipo njira imatseguka mwadzidzidzi pakati pa botolo ndi m'thunthu. Kawirikawiri mumamva kaphokoso kakang'ono ndipo kandodo kamafewa nthawi yomweyo. Apa ndi bwino kumvetsa kuti cholembera sichiyamwa inki, koma mpweya wotizungulira ndiwo umaikankhira m'kati. Mpweya umenewu umakanikiza chilichonse ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse, ukakhala pamalo otsika ofanana ndi nyanja zamchere, ndipo ukukanikizanso pamwamba pa inki ya m'botolo lanu. Popeza m'thunthu mulibe chobweza mphamvuyo, inki imakwera kudzera m'timipata ta pansi pa nibu, n'kuzungulira kamphira, n'kuthamangira m'thunthu kufikira mphamvu ya m'kati ndi ya kunja zitafanana. M'cholembera choonekera m'kati, inki imakwera kamodzin'kamodzi moti munthu woona koyamba amadzidzimuka.

Choncho podzaza, masulani kamutu ka kumbuyo, kokani kandodo pang'onopang'ono mpaka kathere, kenako viikani nibu yonse m'botolo kufikira inki itakhudza m'mphepete mwa pogwirira. Kuviika mozama n'kofunika kwambiri, chifukwa ngati bowo lolowera lili pamwamba pa inki, cholembera chidzameza mpweya m'malo mwa inki, popeza mpweya ndiwo umadutsa mosavuta. Kankhani kandodo mosadukiza mpaka kumapeto, ndipo mukamva kaphokoso kaja musafulumire kuchotsa nibu. Timipata ta inki ndi tating'ono, motero dikirani masekondi asanu kapena khumi kuti inki ithe kulowa, kenako mangani kamutu, chotsani cholembera m'botolo ndi kupukuta nibu. Pali chenjezo limodzi limene ndikupempha kuti mulisunge: chilichonse chimene chili kutsogolo kwa kamphira chimatuluka mwamphamvu pokankha. Ngati m'cholembera munatsala inki, inkiyo imadutsa kutsogolo pamene mukukoka, ndipo mukakankha nibu italoza pa malaya kapena pa mapepala, zonsezo zidzada. Nibu izikhala m'botolo nthawi zonse pamene mukukankha.

Musadabwe mukaona kuti thunthu silinadzaze mpaka pamwamba. Kampweya kena kamatsala kumbuyo kwa kamphira, kena kamakhala m'timipata ta kunibu, ndipo konseko kamafuna malo ake. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku inki yolowa kamodzi ndi yokwanira, koma mukafuna kudzaza kwenikweni pali njira yake. Mukamaliza kudzaza koyamba, lozetsani nibu kumwamba, kokani kandodo mwachifatse kuti inki idutse kamphira, kenako kankhani pang'onopang'ono kuti mpweya umene wakwera pamwamba utuluke, ndipo imani mukangoona inki ikunyowetsa pansi pa nibu. Mutagwira kandodo pomwepo kuti kasabwerere, tembenuzani cholembera, viikani m'botolo ndi kumaliza kukankha. Njirayi imafuna nsalu yopukutira pafupi, koma imadzaza pafupifupi thunthu lonse. Zolembera zikuluzikulu za mtundu uwu zimatha kusunga pafupifupi mamililita 2, pamene katiriji yaifupi yofala ija siifika ngakhale mililita imodzi.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo mwina mudzakumana nacho mukangoyamba kulemba. M'zolembera zambiri za mtundu uwu, nsonga ya kandodo imagwiranso ntchito ya vavu: mukamanga kamutu mpaka kumapeto, nsongayo imakhala pa bowo lopita kunibu n'kulitseka. Cholembera chimalemba ndi inki yotsalira kutsogolo kwa vavuyo, mwina tsamba limodzi kapena awiri, kenako chimayamba kuuma ngakhale thunthu lili lodzaza, ndipo munthu amaganiza kuti nibu ndi yoipa. Mankhwala ake ndi kumasula kamutu pang'ono, mamilimita awiri okha, musanayambe kulemba zambiri. Vavu imeneyi anaiika dala. M'thunthu lalikulu, inki ikamachepa mpweya umachuluka, ndipo mpweyawo ukatenthedwa ndi dzanja umafufuma n'kukankhira inki kunja, madontho n'kugwera papepala. Zimachitikanso m'ndege, mmene mphamvu ya mpweya imatsika ndege ikakwera. Vavu ikatsekedwa, inki ilibe potulukira, ndipo kwa ine ichi ndicho chifukwa chachikulu chokondera zolembera zimenezi kuposa zina zosunga inki yambiri. Mukafuna kutsegula vavu mutayenda ulendo wotere, lozetsani nibu kumwamba kaye kuti mpweya ndiwo uyambe kutuluka.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Cholembera chimene chinaitchukitsa ndi Onoto, chimene kampani ya De La Rue ya ku London, yodziwika ndi kusindikiza masitampu ndi ndalama zamapepala, inayamba kugulitsa mu 1905 pogwiritsa ntchito luso la George Sweetser. Nthawi imeneyo zolembera zambiri ankazidzaza pomasula thunthu n'kudonthezera inki ndi kachubu kagalasi kokhala ndi mphira kumutu, ntchito yodetsa zala, motero cholembera chodzidzaza chokha komanso chotsekeka kuti chisadonthe m'thumba chinali chinthu chachikulu. De La Rue inapitiriza kupanga zolembera za Onoto mpaka 1958. Ku America, kampani ya Sheaffer inatulutsa mtundu wake wotchedwa Vacuum-Fil mu 1934, ndipo inaugwiritsa ntchito kufikira pamene inabweretsa njira ina yotchedwa Touchdown mu 1949. Masiku ano njirayi yabwereranso, ndipo imapezeka m'zolembera monga Pilot Custom 823 ya ku Japan, TWSBI Vac700 ya ku Taiwan ndi zina za Visconti ya ku Italy.

Muonetsetse kuti chanucho ndi cha mtundu umenewu, chifukwa pali zina zofanana nacho kunja kokha. Parker Vacumatic, ya m'ma 1930, ili ndi kabatani kumbuyo kamene mumadina kangapo kuti katambasule kamphira ka m'kati, ndipo inki imalowa pang'onopang'ono. Zolembera za pisitoni, zimene Pelikan inayamba kupanga mu 1929, zimakoka inki mukamapotokola kamutu. Palinso zolembera zina za ku Japan zokhala ndi kandodo kongotsekera inki basi, kopanda kamphira kodzazira, ndipo zimenezo mungakankhe tsiku lonse osalowa kanthu, chifukwa zimadzazidwa pomasula thunthu.

Ngati mwatsata zonsezi koma inki sikulowabe, vuto limakhala pa chimodzi mwa zotsekera ziwiri zija, chifukwa njira yonseyi imadalira kuti mpweya usapeze polowera. Kamphira ka kutsogolo kakauma, kung'aluka kapena kufota, kandodo kamangotsetsereka mopanda kulimba kulikonse ndipo m'botolo simutuluka mathovu. Chotsekera cha kumbuyo chikatha, mathovu amatuluka ndithu koma inki imalowa yochepa kapena osalowa n'komwe, ndipo mukakoka kandodo mumakapeza kali konyowa ndi inki. M'zolembera zakale ili ndilo vuto lofala, chifukwa Onoto inkagwiritsa ntchito cork, khungwa lofewa la mtengo limene amatsekeranso mabotolo, ndipo Sheaffer inkasanjikiza timphira ndi tinsalu tonyowetsedwa ndi mafuta, zinthu zimene zimauma pakapita zaka zambiri. Okonza masiku ano nthawi zambiri amaikamo timphete ta mphira tatsopano. Ngati cholembera chanu n'chakale ndipo kandodo kakukana kusuntha, chonde musakakamize, chifukwa kandodo kakapindika kapena thunthu likang'ambika, kupeza china kumavuta kwambiri, ndipo ntchito yotere ndi bwino kuipereka kwa munthu wodziwa kukonza zolembera. Pa zolembera zatsopano, kupaka kandodo girizi wa silikoni wochepa kwambiri kumathandiza kuti kaziyenda mofewa, koma mafuta opangidwa kuchokera ku petulo muwapewe chifukwa amawononga mitundu ina ya mphira.

Kuipa kwake kumene ndiyenera kukuuzani n'kwakuti kutsuka kumatenga nthawi. Inki imabisala kuseri kwa kamphira ndi pafupi ndi chotsekera cha kumbuyo, choncho pamafunika kudzaza ndi kutulutsa madzi kambirimbiri kuti ayere. Kwa munthu wokonda kusintha mitundu ya inki sabata iliyonse, cholembera chimenechi chimatopetsa, ndipo inki zokhala ndi tinthu tonyezimira kapena zouma msanga sindingazilimbikitse mmenemu. Koma kwa munthu wolemba masamba ambiri ndi inki imodzi, n'chovuta kupeza china chochiposa.

Musanawononge inki, yesani kaye ndi madzi ozizira m'kapu yoonekera, osati otentha chifukwa amatha kupotoza mbali zina za cholembera. Kokani kandodo, viikani mpaka pogwirira, kankhani, ndipo muyang'ane zinthu zitatu: ngati mathovu akutuluka, ngati kandodo kakulimba pofika kumapeto, ndi ngati madzi akulowa kamphira kakangofika potambasuka paja. Ngati thunthu silioneka m'kati, kokaninso ndi kukankha nibu ili pamwamba pa kapu, ndipo muone kuchuluka kwa madzi otuluka. Mukatiuza zimene mwaona, pamodzi ndi dzina lolembedwa pa thunthu kapena pa nibu, tidzatha kudziwa ngati vuto lili kutsogolo, kumbuyo, kapena ngati palibe vuto n'komwe.