Kulira chifukwa cha nyimbo yopanda mawu ya mu anime

Mnyamata wina wandilembera imelo kufunsa ngati mutu wake uli bwinobwino, popeza misozi imalengeza m'maso mwake akangomva nyimbo yopanda mawu ya mu anime (makatuni a ku Japan), ndipo anzake amamuseka kuti akulirira makatuni. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima chifukwa inenso ndinasekedwapo chimodzimodzi.

Ine ndi mng'ono wanga tinkaonera Naruto pa ma DVD ogula pamsika, ena okandikakandika moti chithunzi chinkangoima chokha, mawu n'kumapitirira. M'seweroli, lomwe linayamba kuonetsedwa ku Japan mu 2002, muli kanyimbo kodekha kotchedwa Sadness and Sorrow, kopeka Toshio Masuda, kamene kamabwera wina akamwalira kapena mwana Narutoyo akamalingalira za umasiye wake. Mng'ono wangayo, yemwe sankakonda kuonetsa chisoni ngakhale pamaliro, ankati kanyimboko kakayamba amadzuka n'kunamizira kukamwa madzi. Pano ali ku Johannesburg ndipo timalankhulana patalipatali, koma tsiku lina nditakamva pafoni ya munthu wina kometetsa tsitsi, ndinaona ngati wakhala pampando woyandikana nane.

Ndikukhulupirira kuti mphamvu yake yagona pa kubwerezabwereza. Sewero lalitali limaika nyimbo imodzimodziyo pa imfa iliyonse, motero ikamalira kachikhumi imakhala itasenza maliro onse am'mbuyo, pamodzi ndi chipinda chimene munkaoneramo ndiponso anthu amene munali nawo. Nyimbo ya mawu imakuuziranitu chimene muyenera kudandaula nacho, pomwe piyano yokha imakusiyirani malo oti muikepo chanu. Nchifukwa chake sindikondwera opanga anime akamaika woimba pamalo pomwe zoimbira zokha zikanakwanira, ndipo ndikunena mosapsatira kuti kutero n'kusakhulupirira oonera.

Za kukhala chete

Joe Hisaishi, amene wakhala akupekera nyimbo mafilimu a Hayao Miyazaki kuyambira pa Nausicaä of the Valley of the Wind mu 1984, amadziwanso nthawi yoti zoimbira zikhale duu. Kampani ya Disney itakonza zotulutsa Castle in the Sky ya 1986 m'Chingerezi, inamupempha kuti awonjezere nyimbo, poganiza kuti oonera a ku America sangapirire mphindi zambiri zopanda phokoso. Iye anachitadi ntchitoyo mwaluso, komabe ine ndimakonda yoyambayo, chifukwa nyimbo yotulukira pamene pakhala bata kwa kanthawi imalasa kwambiri kuposa yomwe yakhala ikulira osapuma. Mu Spirited Away ya 2001, kamtsikana Chihiro kamakwera sitima ya panjanji yodutsa pamwamba pa madzi, osalankhula kanthu, piyano ikugunda pang'onopang'ono, ndipo palibe amene amakufotokozerani chimene kakumva. Amene amati izi n'za ana ndikukayika ngati anakhalapo pansi n'kumvetsera mpaka pamapeto.

Kunena za funso lanu, mutu wanu uli bwino ndithu. Fufuzani dzina la wopeka nyimbo pamndandanda wa kumapeto kwa sewero, mulilembe pa YouTube, ndipo mumvetsere ndi mahedifoni muli nokha. Mukatopa ndi zachisoni, yesani jazi wa Yoko Kanno wa mu Cowboy Bebop ya 1998.