Kwa achemwali a ku Lizulu amene mukuopa kutuluka pakhomo

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba. Mwati chichitikireni zija mu minibasi yopita ku Dedza boma, pamene mtima unagunda kwambiri, munabanika, thukuta kamukamu, mpaka kuganiza kuti mukufa, simupitanso kumsika ngakhale kutchalitchi. Mwafunsa ngati pali mankhwala, poti mnzanu akukugawirani diazepam, mapiritsi okhazika mtima pansi ndi kugonetsa. Mankhwala alipo, koma ameneyo si woti muzimudalira.

Chinakugwirani mu minibasi muja madokotala amachitcha panic attack. Thupi limatulutsa adrenaline, mankhwala ake okonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana, ngati kuti mwakumana ndi choopsa pomwe palibe, zili ngati galu amene amauwa tsamba likagwa usiku. Mantha amafika pachimake mkati mwa mphindi 10, ndipo kawirikawiri pakatha mphindi 20 kapena 30 amakhala atazilala. Paokha sapha munthu. Chovuta chimabwera pambuyo pake: munthu amayamba kupewa malo amene akuona kuti sangathawe zikamugwiranso, monga mu minibasi, pamzere wa kubanki, m'kati mwa khamu la anthu. Imeneyo ndiyo agoraphobia. Tsiku lililonse lomwe mwakhala pakhomo mtima umakhala m'malo, inde, koma ubongo umaphunzira kuti kunja kulidi zoopsa, ndiye mawa kutuluka kumavuta kuposa dzulo.

Yambani ndi chipatala cha boma, cha Dedza kapena cha Ntcheu, chomwe chili pafupi ndi inu. Akupimeni BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, mtima ndi chithokomiro, chifukwa kuchepa magazi kapena chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso zimagunditsanso mtima chimodzimodzi. Kenako pemphani kuonana ndi namwino kapena kilinikala woona za matenda a m'maganizo. Dzinali lisakuopseni, simunachite misala.

Tsopano za mankhwala. Amene madokotala amayamba nawo kwambiri ndi a m'gulu la fluoxetine, mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Sagwira ntchito tsiku lomwelo, pamafunika masabata 4 mpaka 6. Ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira: masabata awiri oyamba mantha amatha kuwonjezeka, kumachita nseru, tulo kuvuta. N'chifukwa chake amayamba ndi mlingo wochepa. Mukapeza bwino mumapitirizabe miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo posiya mumachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Amitriptyline amapezeka m'zipatala zathu zambiri ndipo ena amawapatsa ameneyo, koma amaumitsa m'kamwa, amagonetsa, ndipo ndi woopsa kwambiri munthu akamwa wambiri, ndiye muzimusunga patali ndi ana. Propranolol amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, koma wa mphumu asamwe. Ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, nenani musanalandire chilichonse.

Diazepam ndimamuopa. Amagwira msanga, n'chifukwa chake anthu amamukonda, koma thupi limamuzolowera mkati mwa masabata ochepa, kenako mumafuna wambiri, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungakugwetseni khunyu. Ngati mwakhala mukumwa tsiku ndi tsiku, musangosiya nokha, kauzeni achipatala zoona zake. Kusakaniza ndi mowa ndiye ayi ndithu.

Mapiritsi okha sangakubwezereni kumsika. Pamafunika kumatuluka pang'onopang'ono, tsiku lililonse. Lero mupite kumjigo mukatunge madzi. Mawa mukaime m'mphepete mwa msewu wa M1 ndi mlamu wanu. Mukazolowera, pitani kumsika m'mamawa anthu akuyala kumene kachewere ndi kabichi, khamu lisanachuluke, mugule tomato wa mulu umodzi basi. Mantha akabwera musathawe, imani pomwepo, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, mudikire atsike ndiye muzipita. Mukathawa ali pachimake, ndiye kuti mwawadyetsa. Pakapita nthawi mlamuyo azitsalira patali, kenako muzipita nokha. Minibasi yambani ndi ulendo waufupi, mukhale pafupi ndi chitseko kaye.

Chepetsani khofi, tiyi wambiri ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija. Chamba chimawonjezera vutoli.

Mwati apongozi akuti ndi zamanja a anthu ndipo akufuna mupite kwa sing'anga. Musakangane nawo, koma tengani amuna anu kuchipatala akamve okha kuchokera kwa namwino. Mapemphero pitirizani, sakusemphana ndi mankhwala.

Ngati ku boma sizikuyenda, ku Lilongwe kuli chipatala cha St John of God, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital. Koma chifuwa chikapweteka mwachilendo, mukakomoka, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, musadikire tsiku la kiliniki, uzani wina wapafupi akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.