Apongozi akuti jakisoni anaumitsa chiberekero changa

Azakhali,

Ndili ndi zaka 26 ndipo tili ndi mwana mmodzi wa zaka zinayi. Mwanayu atakwanitsa masabata 6 ndinayamba kubayitsa jakisoni wolera wa Depo, titagwirizana ndi bambo akunyumba. M'chaka chachiwiri kusamba kunasiyiratu. Pano tikufuna mwana wina, papita miyezi 7 chibayitsireni komaliza, koma kuli zii. Ndangoona timadontho kawiri kokha. Apongozi akulankhula poyera kuti jakisoni anaumitsa chiberekero changa, ati magazi a zaka zonsezi anaundana m'mimba. Sabata yatha anabwera ndi mizu mu jumbo, ina yomwa, ina yoika kumusi. Akumuuzanso mwana wawo kuti ayang'ane kwina. Bambowo sakuyankha kanthu, usiku amangotembenukira kukhoma. Kodi ndinadziwononga ndekha?

Wosweka mtima, Ntcheu

Mwana wanga,

Pukutani misozi, simunadziwononge. Tengani buku lanu lakuchipatala, mutsegule pamene anamwino analemba tsiku lomaliza kubaya, tiwerengere limodzi. Jakisoni wa Depo amagwira ntchito miyezi itatu, ndiye pa miyezi 7 mukunenayi, itatu yoyambirira munali mukulerabe. Yomwe mwadikira kwenikweni ndi inayi yokha. Mankhwalawa amatuluka m'thupi pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri amayi osiya Depo amatenga pathupi pakatha miyezi pafupifupi 10 chibayireni komaliza. Ena zimafulumira, ena chaka chimakwana. Kubayitsa zaka zambiri sikuwonjezera nthawi yodikirayi. Wobaya chaka chimodzi ndi wobaya zaka zinayi, thupi limadzuka mofanana.

Nkhani ya magazi oundana ndaimva kwa amayi ambiri, ndipo imandipweteka chifukwa imasowetsa tulo anthu osalakwa. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala mkati mwake pokonzekera mwana, ndipo pathupi pakapanda kuima, choyalacho chimatuluka. Kusamba n'kumeneko. Depo amaletsa dzira kukhwima, komanso amachititsa kuti choyalacho chikhale chopyapyala kwambiri. Magazi ake sanapangidwe n'komwe, ndiye palibe chounjikana. Timadontho mwaonato tingathe kukhala chizindikiro choti thupi layamba kubwerera mwakale.

Mizu ija musaike kumusi, chonde. Malo amenewo ndi osakhwima, savuta kuchita zilonda, ndipo matenda olowera pamenepo ndi amene angathe kufika m'njira za mazira n'kuzitseka. Yomwayonso simukudziwa mlingo wake, pomwe mwina mwezi uno kapena wamawa mukhala mutaima osadziwa. Landirani ndi manja awiri, thokozani, musagwiritse ntchito. Apongozi anu akufuna mdzukulu, ndipo akulankhula zimene anamva kwa anzawo kumjigo. Kukangana nawo inu nokha sikuphula kanthu.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi khoma limene bambo akunyumba akuliyang'ana. Kulera munagwirizana awiri. Zaka zinayi zonsezi iwo apuma nanu limodzi, mwana wakula bwino popanda wina womulanda bere. Lero zavuta pang'ono, mlandu ukhale wanu nokha? Ayi. Mwana akagona, muwakumbutse modekha za tsiku limene munapangana, muwaonetse bukulo, ndipo muwapemphe kuti tsiku la kulera mupitire limodzi kuchipatala, akamve okha kwa anamwino. Mawu akachokera kwa wa yunifomu amalowa msanga kusiyana ndi a mkazi wolira. Akakamva, ndi iwowo oyenera kukakhala pansi ndi mayi awo, osati inu.

Za kuyang'ana kwinazo musazitenge mopepuka. Mwamuna wopita kunja kukayesa mphamvu zake angabweretse chinzonono kapena HIV m'nyumba, ndipo chinzonono chosachizidwa ndicho chimatsekadi njira za mazira. Akapitiriza kukhala duu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri zinthu zisanafike poipa.

Chaka chikakwana chibayireni komaliza kusamba kusanabwerere, kapena mukasamba bwinobwino kwa chaka chathunthu osaima, pitani mukayezetse nonse awiri, chifukwa vuto la kubereka limapezekanso kwa abambo. Koma mukamva kupweteka pachinena, kutentha thupi kapena kutuluka zonunkha kumusi, musawerengere miyezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali