Bwanji gofu alibe dzina la Chichewa?

Mayi wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi wa ku pulayimale, wandilembera kuti: "Bambo, ana anga a sitandade 6 anandifunsa kuti gofu, tenesi ndi sikwashi pa Chichewa timati chiyani, ine kukamwa yasa. Mayina ake alipo? Nanga ndikamawauza kuti amenewa ndi masewero a anthu apamwamba ndikulakwitsa?"

Mayi, zikomo kwambiri, funso lanuli landifika pamtima mpaka tiyi wandizizirira pa tebulo. Mayinawo kulibe, ndipo musavutike kuwapeka. Lembani gofu, tenesi, sikwashi, mmene timatchulira basi. Ndinamvapo wina pa wailesi akuti "mpira wa ndodo", ayi ndithu, nanga hoke ndi kiriketi si za ndodo nazonso? Koma chimene ndikufuna muone ndi chifukwa chake mayinawa kulibe.

Mawu sabadwira mu ofesi, amabadwira pamene anthu akuchita chinthucho tsiku ndi tsiku. Taonani mpira wa miyendo mmene unalemerera ndi mawu. Tili ndi kudoda, kuchinya, kumwetsa zigoli, otchinga kumbuyo, woyimbira, ndipo mpira weniweniwo timautcha chikopa. Ngakhale goloboyi, amene tinachita kubwereka, tinamupinda mpaka anakhala wathu. Nde pali chikulunga, mawu amene ndimawakonda kuposa onse. Akuchokera ku kukulunga, chifukwa ife tikukula ku Ndirande tinkatolera majumbo ndi nsanza n'kukulunga, kumanga ndi malegeni, miyala iwiri uku iwiri uko magolo atheka, kusewera opanda nsapato mpaka mdima, chala chikasupuka umangothira dothi n'kubwerera m'bwalo, ndipo palibe ankakufunsa kuti bambo ako amagwira kuti. Gemu imene mwana aliyense angayambe opanda ndi tambala yomwe ndi imene imabala mawu. N'chifukwa chake Bullets tinaipatsa dzina loti Maule, Wanderers n'kukhala Manoma, ndipo akakumana pa Kamuzu Stadium tauni yonse imayankhula chinenero chimodzi.

Mpira wa manja ndiye usanene, unalandira dzina lokoma zedi, ntchemberembaye. Ntchembere ndi mayi amene anaberekapo, ndipo kwa ine mbaye akuchokera ku kubaya, kulasa mpira mu kamkombero kaja. Dzina lotere silingachoke kwa munthu woonerera patali ayi, liyenera kuti linachoka kwa amayi eni ake pa bwalo la fumbi. Ndipo pa mabwalo oterewa mpomwe pamachokera Malawi Queens, mpaka Mwawi Kumwenda kukasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015.

Tsono bwerani ku gofu. Blantyre Sports Club inayamba mu 1896, nthawi ya atsamunda, kutanthauza kuti makalabu oterewa akhala mu mzinda muno zaka zoposa 100, koma Chichewa sichinatolepo kanthu. Chikanatola bwanji poti gemuyo inali kuseri kwa mpanda? Kale mpandawo unali khungu, lero ndi thumba: ndalama ya umembala, ndodo zodula, nsapato zake, galimoto yokafikira kumeneko, komanso nthawi, poti munthu wogulitsa pa msika wa Limbe sangasiye benchi maola anayi n'kumakalondola kampira. Malume anga ena ankagwira ganyu pa bwalo lina la gofu, gemu ankaidziwa bwino kuposa ena omwe ankawalipira, koma m'mawa akamachoka ankangoti "ndikukanyamula zikwama za mabwana". Sindinawamvepo akuti ndikukasewera. Mawu okhawo a Chichewa amene gofu anabala kwathu anali a ntchito.

Kusambira nako kumandiwawa. Mawuwo ndi athu enieni, kusamba kenako kusambira, ndipo tinkasambira ndithu m'madziwe a mu Nasolo mvula ikagwa. Koma mpikisano wake umafuna dziwe lomangidwa ndi kochi, zinthu zopezeka ku masukulu a fizi yokwera ndi kumayadi ngati Namiwawa ndi Nyambadwe. Mwana wa ku Bangwe ali ndi mawu, mnzake wa kumayadi ali ndi dziwe. Kumayadi komwekonso ndi mawu obwereka, anachokera ku mabwalo otchingidwa a nyumba za azungu.

Pa funso lachiwiri, inde mayi, pamenepo mukonze. Choyamba ine ndinaphunzitsidwa kuti za pa bwalo ndi masewera, pomwe masewero ndi a zisudzo, sewero limodzi masewero ambiri, ngakhale masiku ano ma wailesi asakaniza ndipo ndatopa kulimbana nazo. Koma "anthu apamwamba" yekhayo musiyeni. Mukatero m'kalasi mwawauza ana 80 kapena kuposa apo kuti iwo ndi apansi, ndipo mwana amasunga mawu a aphunzitsi ake. Nenani kuti masewera ofuna ndalama zambiri, kapena amene amaseweredwa kwambiri ndi anthu opeza bwino, chifukwa kupeza kumasintha. Anawo akafunsanso, alembereni gofu pa bolodi, muwafunse kuti iwo atapatsidwa ndodo n'kusewera mwezi umodzi angamutche chiyani, mudzanditumizire mayina omwe atchule.