Kumanga khola la mbalame m'chipinda cha m'nyumba: yankho kwa mayi wa ku Blantyre

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina wa ku Blantyre amene anandilembera pa imelo. Iwo ali ndi mbalame zinayi za mtundu wa budgie (zinkhwe zazing'ono zoweta) zimene zikupanikizana m'kakhola kogula kusitolo, ndipo popeza mwana wawo wamkulu anachoka pakhomo, akufuna kumanga khola lalikulu m'chipinda chimene chatsala, chomwe chagundizana ndi khitchini. Akufunsa za kukula kwa kholalo, waya woyenera ndi kasamalidwe kake, komanso ngati angaphatikizemo ma lovebird awiri (mtundu wina wa zinkhwe zazing'ono) amene munthu wina akuwatsatsa pamtengo wotsika.

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambira pa nkhani ya khitchini, ngakhale kuti munangoitchula podutsa, chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa zina zonse. Mbalame sipuma monga momwe timapumira ife. Kuwonjezera pa mapapo, ili ndi timatumba ta mpweya m'thupi mwake, ndipo mpweya umadutsa m'mapapomo molowera mbali imodzi, pokoka ndi potulutsa pomwe, moti chilichonse choipa chimene chili mumpweya chimalowa m'magazi ake msanga kwambiri. Utsi wa mbaula umene kwa inu ungangokupweteketsani mutu ukhoza kupha budgie usiku umodzi. Chimodzimodzinso chiwaya chosamatirira chakudya, chija amachikuta ndi Teflon: chikaiwalika pamoto n'kutentha kupitirira madigiri 260, chimatulutsa mpweya umene munthu sauona, koma mbalame zimagwa pansi n'kufa mwadzidzidzi. Koilo ya udzudzu, mankhwala opopera tizilombo, fodya, penti watsopano ndi zonunkhiritsa m'nyumba zili m'gulu lomwelo.

Choncho musanaitane mmisiri, imani m'chipindacho nthawi imene kukhitchini akuphika ndiwo. Ngati fungo la ndiwozo likukupezani, dziwani kuti utsi udzazipezanso mbalame zanu. Zikatero muyenera kutseka mpata wa pamwamba pa khoma ngati nyumbayo ilibe siling'i, kutseka mipata ya chitseko, ndi kuonetsetsa kuti pali zenera lotsegukira kunja lotchingidwa ndi waya. Zimenezi zikakanika, ndi bwino kusankha chipinda china ngakhale chikhale chocheperapo. Ndikunenetsa izi chifukwa cha miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chimazizira ku Blantyre ndipo munthu wachifundo amaganiza zolowetsa mbaula kuti mbalame ziothe. Musadzatero. Budgie wathanzi amapirira kuzizira kwa kwathu kuno malinga ngati sakuombedwa ndi mphepo. Kuphimba mbali ziwiri za khola ndi nsalu yokhuthala n'kokwanira. Kutentha kwa mu October pansi pa malata ndi kumene kuli koopsa kwambiri, ndipo mukaona mbalame yatsegula kukamwa n'kutambasula mapiko, ipatseni madzi osamba m'mbale yosazama ndipo mutsegule mazenera.

Tsopano za kukula kwa khola. Anthu ambiri amamanga khola lalitali kupita m'mwamba koma lopapatiza, chifukwa limaoneka bwino pakona. Komatu mbalame siuluka chokwera. Imauluka chopingasa, kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina. Budgie kwawo ndi ku Australia, kumadera ouma a m'kati mwa dzikolo, kumene amauluka m'magulu akuluakulu mtunda wautali kufunafuna madzi ndi njere za udzu, ndipo ngakhale kuti akhala akuwetedwa kuyambira pamene katswiri wa mbalame John Gould anapita nawo ku England mu 1840, thupi lawo likadali la mbalame youluka. Kwa mbalame zanu zinayi ndingakulangizeni khola la mamita 2 m'litali, mita 1 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 2 kupita m'mwamba, kuti inunso muzitha kulowamo choimirira. Ngati chipinda chikulola mamita 3 m'litali, musazengereze. Malo otsalawo asakukopeni kuti muonjezere mbalame zambiri, pakuti kuthithikana ndi kumene kumayambitsa ndewu, kuzulana nthenga ndi matenda.

Waya ndi pamene ndalama zanu ziyenera kupita. Waya wofewa wa khola la nkhuku sungathandize: mlomo wa chinkhwe chilichonse, ngakhale chaching'ono, umaupinda, ndipo khoswe amaudula. Funani waya wowotcherera wa timabowo ta makona anayi tosapitirira mamilimita 13, chifukwa bowo likakula mbalame imalowetsa mutu n'kulephera kuutulutsa. Waya wa chitsulo chosachita dzimbiri ndiye wabwino koposa, koma ndi wodula ndipo supezeka paliponse, motero ambiri amagula wokutidwa ndi zinki. Vuto lake ndi lakuti mbalame zamtunduwu zimakwera ndi mlomo, ndipo zikameza tizidutswa ta zinki zimadwala: zimafooka, zimasanza, zimamwa madzi mopitirira muyeso, zina zimagwa khunyu. Waya wotere muyambe mwaupala ndi burashi yachitsulo kuti timibulu tonse tichoke, muutsuke ndi viniga wosungunula ndi madzi, muutsukuluze bwino, kenaka muusiye panja kwa milungu ingapo. Zimenezi zimachepetsa chiopsezo, ngakhale kuti sizichichotseratu, choncho muziuyang'ana kawirikawiri, ndipo mukaona ufa woyera pawayapo muutsukenso.

Mafelemu akhoza kukhala achitsulo kapena amatabwa, koma waya ukhomedwe mkati kuti mbalame zisafikire thabwa. Muwauze amisiri momveka bwino kuti asapake oyilo wakuda wa galimoto, monga ambiri amachitira poteteza matabwa ku chiswe, ndiponso asagwiritse ntchito matabwa obiriwira aja onyikidwa m'mankhwala kapena zitsulo zakale zokhala ndi penti wosadziwika, amene akhoza kukhala ndi mtovu. Pakhomo pakhale zitseko ziwiri, chakunja ndi chamkati, ndi kampata koimamo munthu pakati pake. Ngati malo sakulola, chitseko cha chipindacho chizikhala chotseka nthawi zonse musanatsegule cha khola.

Pansi pakhale simenti yosalala kapena matailosi, ndipo muziyalapo nyuzipepala zakale. Utuchi sindiukonda chifukwa umasunga chinyezi ndi chuku, komanso umabisa zitosi, pomwe zitosi ndizo zimakuuzani msanga za thanzi la mbalame. Mbalame imabisa matenda mpaka itafookeratu, koma zitosi zikasintha mtundu, zikakhala zamadzimadzi kapena zikachepa, mumadziwa m'mawa womwewo kuti pali vuto ndipo mumathamangira kwa dokotala wa ziweto nthawi ikadalipo.

Zoterapo zikhale nthambi zenizeni za gwafa, mabulosi kapena bulugamu, zosapoperedwa mankhwala, zina zonenepa zina zowonda kuti mapazi asamapanikizike malo amodzi. Muziike kumapeto awiri a khola, pakati pakhale poyera poulukira, ndipo pasakhale nthambi pamwamba pa mbale ya chakudya kapena ya madzi. Mtengo wa mapeyala musaugwiritse ntchito ngakhale pang'ono: masamba, makungwa ndi chipatso chake zili ndi poizoni wotchedwa persin amene amawononga mtima wa mbalame.

Pali nkhani ina imene oweta mbalame m'nyumba ambiri saidziwa. Kuwala kwa dzuwa kumene kumathandiza thupi kupanga vitamini D3 sikudutsa pagalasi la zenera. Popanda vitaminiyu thupi silitha kugwiritsa ntchito kashiamu, mafupa amafooka, ndipo yaikazi ikhoza kulephera kuikira dzira n'kufa nalo m'mimba. Kakhola kanu kakale musakataye. Muzitulutsiramo mbalame pakhonde m'mawa masiku angapo pamlungu, mbali ina ili pamthunzi, inu muli pomwepo chifukwa cha amphaka. Usiku zimafuna maola 10 mpaka 12 a mdima ndi bata, motero chipindacho chisakhale choonera wailesi yakanema.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku si kovuta ngati khola linamangidwa moganizira wosesa. M'mawa uliwonse sinthani madzi ndi mapepala, ndipo uzirani mankhusu m'mbale ya chakudya, chifukwa mbale ikhoza kuoneka yodzadza pomwe muli mankhusu okhaokha ndipo mbalame zili ndi njala. Kamodzi pamlungu tsukani nthambi ndi pansi ndi madzi otentha ndi sopo, ndipo ngati mwagwiritsa ntchito Jik, mbalame zikhale zili kwina mpaka fungo litatheratu. Musasese zitosi zouma. Fumbi lake likhoza kukhala ndi tizilombo ta Chlamydia psittaci, toyambitsa matenda a psittacosis, amene munthu amawamva ngati chimfine chachikulu ndipo amatha kusanduka chibayo. Yambani mwawaza madzi, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Wina m'nyumbamo akadwala chifuwa ndi kutentha thupi, adokotala auzidwe kuti pakhomo pali mbalame. Pa tsiku lotsukalo muziyang'ananso m'ming'alu ya matabwa ngati muli utitiri, umene umabisala masana n'kumayamwa magazi usiku.

Chakudya chisakhale njere zokhazokha. Mawere ndi mapira ndi abwino, mpendadzuwa ukhale wochepa chifukwa uli ndi mafuta ambiri, ndipo tsiku lililonse pakhale masamba otsukidwa bwino monga bonongwe kapena chisoso, ndi karoti wopala. Mtedza kapena chimanga cha chuku musazipatse, pakuti poizoni wa chuku amawononga chiwindi. Njere muzisunga m'chitini chotseka bwino ndipo zotayikira pansi muzichotsa madzulo, apo ayi makoswe ndi nyerere zidzakhazikika m'chipindamo.

Pa za ma lovebird, yankho langa ndi lakuti musawaike m'khola limodzi ndi ma budgie. Ngakhale ndi aang'ono, mlomo wawo ndi wamphamvu ndipo amateteza malo awo mwaukali, moti kudula zala za budgie si chinthu chachilendo kwa iwo. Koma chandikayikitsa kwambiri ndi mtengo wotsikawo. Kuno ku Malawi tili ndi lovebird wathuwathu wa kutchire, wotchedwa Lilian's lovebird, wobiriwira wa nkhope yofiirira, amene amapezeka makamaka ku Liwonde National Park kumene amagona m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo chiwerengero chake chakhala chikuchepa. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kugwira kapena kusunga nyama zotetezedwa popanda chilolezo. Ngati wogulitsayo sangakuonetseni kumene mbalamezo zinaswedwera ndi makolo ake, zisiyeni, ndipo ngati mukukayika funsani ku Dipatimenti Yoona za Nyama Zakutchire.

Mbalame iliyonse yatsopano, ngakhale budgie wochokera kwa mnzanu womukhulupirira, iyambe yakhala payokha m'chipinda china kwa masiku 30 musanaiphatikize ndi zinzake. Ngati pakhomo muli ndi nkhuku kapena nkhunda, muziyamba kusamalira za m'nyumba musanapite kukhola lakunja, ndipo nsapato zolowera kumeneko zisalowe m'chipindachi, chifukwa chitopa chimagwiranso zinkhwe. Mabokosi oswera musaikemo pakadali pano, popeza zazikazi zimamenyanirana mabokosi koopsa. Mukadzafuna kuti ziswe, mabokosi adzakhale ochuluka kuposa zazikazi.

Khola likatha, musazigwire ndi manja pozisamutsa. Lowetsani kakhola kakaleko m'khola latsopano nthawi ya m'mawa, tsegulani kachitseko, ndipo muzisiye zituluke zokha. Kwa masiku oyambirira chakudya ndi madzi zikhale m'mbale zomwe zinazolowera, malo awiri osiyana, kufikira mutaona ndi maso anu kuti zonse zinayi zikudya.