Chifukwa chani Rudolf Hess anakalambira mpaka kufera m'ndende?

Achimwene ena anditumizira imelo kufunsa kuti zinatheka bwanji kuti Rudolf Hess, wachiwiri kwa Hitler mchipani cha Nazi uja, asungidwe m'ndende mpaka zaka 93, komanso ngati nzoona kuti anachita kuphedwa. Achimwene, nkhani yake ili motere.

Hess anagwidwa nkhondo ikadali mkati. Pa 10 May 1941 anauluka yekhayekha pandege mpaka ku Scotland nkudumpha ndi parachuti, ati akakambirane zamtendere ndi a Britain, koma iwo anangomutsekera basi. Kukhoti loweruza atsogoleri a Nazi ku Nuremberg, ku Germany, mu 1946 anamupeza wolakwa pa mlandu wokonza ndi kuyambitsa nkhondo, chilango chake moyo wonse m'ndende, ndipo mu 1947 anamupititsa kundende ya Spandau ku Berlin limodzi ndi anzake 6.

Apa ndi pomwe pali nkhani. Mwa anzakewo, Raeder ndi Funk nawonso anali a moyo wonse koma anawatulutsa chifukwa cha matenda, wina 1955 wina 1957, kenako Speer ndi Schirach anamaliza zaka zawo 20 mu 1966, Hess nkutsala yekha mndende yonse ija, asilikali a America, Britain, France ndi Soviet Union nkumasinthana kumulondera mwezi ndi mwezi. Kuti atuluke pankafunika maiko onse anayi avomere, ndiye a Soviet ankakana nthawi zonse. Ine sindiwadabwa ayi, anataya anthu oposa 20 miliyoni pankhondo ija, ndipo kwa iwo ulendo wa ku Scotland unali wofuna kutontholetsa Britain kuti Germany iwathire nkhondo bwinobwino, poti inawaukiradi mu June 1941. Jaji wawo ku Nuremberg ankafuna Hess anyongedwe.

Nkhalamba kukhala yokha zaka 21 zimamvetsa chisoni, zimenezo sindikana, koma tisaiwale kuti munthuyu anasaina malamulo a 1935 olanda Ayuda ufulu wawo, ndipo kukhoti ananena poyera kuti sakunong'oneza bondo pa chilichonse. Chimene chimandiwawa ine nchakuti kumusunga motero kunapatsa otsatira Nazi munthu womulira ngati ngwazi. Atamwalira pa 17 August 1987 ndende ya Spandau anaigumula kuti asamakasonkhanepo, komabe iwo anayamba kumaguba ku tauni ya Wunsiedel komwe anaikidwa, mpaka manda ake anachita kuwafukula mu 2011.

Zoti anaphedwa anazifalitsa kwambiri ndi mwana wake Wolf Rüdiger, ati bambo ake anali ofooka moti sakanatha kudzimangirira, ndiye ankaloza chala a Britain. Ofufuza anapeza kuti anadzimangirira ndi waya wa magetsi mkanyumba ka mdimba la ndendeyo, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo chifukwa sikanali koyamba, mu 1941 anadumpha pamasitepe nkuthyoka mwendo, mu 1945 anadzibaya ndi mpeni, ndipo anayeseranso ali ku Spandau komweko mu 1977.